Phokoso atakhala chete

Dzinali anamutcha ndi mwana wanga wamkazi, ndipo linamuyenera. Phokoso ndi budgie, kachinkhwe kaja kakang'ono kobiriwira pamimba, kachikasu kumutu, kokhala ndi timizere takuda kumsana. Chifikireni pakhomo pathu, m'mawa uliwonse unkayamba ndi milandu yake. Ankakangana ndi kalilole wa m'khola mwake, ankalalatira mpopi ukangotsegulidwa, ankayankha wailesi ngati kuti nkhanizo akuzimva. Ukati uyankhule pa foni, iye ndiye ankakweza mawu kukuposa. Tinakhala naye choncho zaka zitatu, mpaka makutu athu anasiya kumumva, monga mmene munthu samamveranso wotchi ya pakhoma m'nyumba mwake.

N'chifukwa chake sindingakuuzeni tsiku lenileni limene anasiya kulongolola. Ndinangodzidzimuka Lachitatu lina m'mawa ndikutsuka mbale: madzi akutuluka pampopi, koma owalalatira palibe. M'nyumba muli zii. Nditacheuka ndinamuona ali ndwii pakamtengo kake, nthenga zitafufuma ngati thonje, akuodzera. Ndinapukuta m'manja n'kuyandikira. Atangondiona anadzikonza msanga, nthenga n'kubwerera m'malo mwake, analira kamodzi, n'kutsikira pambale yake kukajompha mbewu. Mtima wanga unakhala pansi. Ndinati mbalame imene ikudya ilibe vuto, ndipo ndinanyamuka kupita kuntchito.

Anandipusitsa, ndipo chinyengocho ndi cha mtundu wawo wonse. Kwawo kwa ma budgie ndi ku Australia, m'madera ouma a mkati mwa dzikolo, kumene amauluka m'magulu akuluakulu kufunafuna njere za udzu ndi madzi. Kumeneko mbalame yooneka yofooka ndi imene kabawi amayambira. Ndiye yodwala imalimbikira kuoneka ngati zinzake mpaka mphamvu zitatheratu. John Gould anatengera mbalamezi zamoyo ku England mu 1840, ndipo kuyambira pamenepo zakhala zikuswana m'makola, zasintha maonekedwe, zina zabuluu, zina zoyera, zina zachikasu chokhachokha, koma khalidwe lobisa matenda silinachoke m'magazi. Ine poyandikira khola ndinali diso loyang'ana, ndipo pamene pali diso budgie saonetsa kufooka. Mwini mbalame akamafika poona yekha kuti yadwala, kawirikawiri imakhala itadwala kale masiku angapo, mwinanso milungu.

Masiku awiri otsatira ndinawathera pomupezera zifukwa. Ndinati mwina akuthothoka nthenga. Zimenezi zimachitikadi: budgie amataya nthenga zakale n'kumera zina, kumutu kumatuluka timinga toyera ta nthenga zatsopano, ndipo nthawi imeneyo amachepetsa zolankhula, amagona kwambiri, sachedwanso kupsa mtima. Koma pansi pa khola panalibe nthenga zoti n'kutola. Ndinati mwina tulo tamuperewera, poti mbalamezi zimafuna mdima ndi bata maola 10 mpaka 12 usiku uliwonse, ndipo ife sabata imeneyo tinkachedwa kuzimitsa magetsi. Ndinati mwina ndi kuzizira. Chifukwa chilichonse chinali ndi kachoonadi kake, ndipo n'chimene chinkanditonthoza.

Amene anandidzutsa ndi mwana uja. Lachisanu madzulo anati, "Amayi, mwaona kuti Phokoso akugona ataponda miyendo yonse iwiri?" Ine zaka zitatu zonsezo ndinali ndisanaganizirepo za miyendo yake. Budgie wathanzi akamagona tulo tenitweni amakonda kupinda mwendo umodzi n'kuubisa m'nthenga, mutu n'kuutembenuzira kumsana. Kuima ndi mwendo umodzi kumafuna mphamvu. Si lamulo loti mbalame yoponda miyendo iwiri ndiye kuti yadwala, ayi, koma kwa mbalame imene chikhalire imagonera mwendo umodzi, kusintha kumeneko kuli ndi nkhani.

M'mawa mwake ndinachita chimene ndinayenera kuchita Lachitatu lija. Ndinatuluka m'chipindamo, n'kumusuzumira pa kampata ka chitseko iye asakundiona. Mphindi khumi zinandikwanira. Atangoganiza kuti ali yekha, anafufumanso, maso n'kutseka, dzuwa lili phwee. Kenako anapita pambale, n'kuyamba kuswa mbewu imodziimodzi, koma zambiri zinkangogwa pakamwa zitaphwanyika. Patapita nthawi anatambasula khosi, n'kupukusa mutu mwamphamvu, ndipo timbewu tosakanikirana ndi zonanda tinamwazikira pamawaya a khola. Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake nthenga za pamphumi pake zinali zomatirirana masiku amenewo. Ndinkayesa wasamba.

Apa pali msampha wina umene ndikufuna muudziwe. Budgie wamwamuna wathanzi amabza chakudya dala. Amagwedeza mutu chokweza ndi kutsitsa, n'kutulutsa timbewu mwaulemu pamlomo pa mkazi wake, kapena pa kalilole, kapena pachala chako ngati wakukonda. Kumeneko ndi kufunsira, ndipo Phokoso ankachita zimenezi ndi kalilole wake kawirikawiri. Kusanza n'kwina. Mutu umapukusidwa cham'mbali, zotulukazo zimawazikira paliponse, zina n'kugwera pamutu pake pomwe. Chinthu chimodzi chokha chimene chinanditonthoza pa kampata paja ndi mchira wake. Unali phee. Mchira ukamakwera ndi kutsika pa mpweya uliwonse, kapena mbalame ikamapuma kukamwa kuli yasa, ndiye kuti ikubanika, ndipo pamenepo sipafunika kudikira ngakhale ola limodzi.

Ndinatenga mbale yake n'kuuziramo mpweya. Pafupifupi theka la zimene ndinkayesa chakudya zinauluka. Anali mankhusu. Budgie amasenda mbewu iliyonse asanaimeze, mankhusu n'kuwasiya momwemo, moti mbale imaoneka yodzaza ngakhale pamwamba pake palibe chodya. Pali mbalame zimene zafa ndi njala pambale yotere. Pansi pa mankhusu a Phokoso panali ufa wa mbewu zophwanyidwa koma zosamezedwa.

Kenako ndinayala pepala loyera pansi pa khola. Ndikudziwa kuti nkhani ya zitosi si yokoma, koma kwa woweta mbalame palibe kalata yomveka kuposa imeneyi. Chitosi cha budgie wathanzi chimakhala ndi mbali zitatu: kakuda kobiriwirako kamene ndi chimbudzi chenicheni, koyera ngati choko kochokera ku impso, ndi timadzi pang'ono. Patsiku zimagwa makumi angapo. Pofika masana papepala panga panali zitosi zowerengeka, zobiriwira moderapo kwambiri, ndipo m'ziwiri munali mbewu zathunthu, zopita chonchobe osagayidwa.

Chomaliza chinali kumugwira, chimene Phokoso sanachikondepo. Ndinamukuta ndi kansalu kofewa, mutu pakati pa zala ziwiri, n'kuyendetsa chala pachifuwa pake. Pakati pa chifuwa cha mbalame pali fupa lalitali limene minofu youlukira imagwirako mbali zonse ziwiri. Mbalame ikakhala bwino, fupalo umalimva pang'ono chabe pakati pa minofu yodzaza. La Phokoso linali ngati mpeni. Nthenga zinabisa zonse. Ndinamuika m'kabokosi pa sikelo ya kukhitchini, ndipo inawerenga magalamu 29. Mwamwayi, chaka chapitacho mwana uja anamuyezapo mosewera n'kujambula sikeloyo pa foni: 36. Magalamu 7 ndi kanthu kosamveka n'komwe m'manja. Koma pa thupi la magalamu 36, limenelo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu, ngati munthu wa makilogalamu 70 atataya 13 kapena 14. Madokotala a mbalame amada nkhawa kale ikangotaya gawo limodzi mwa khumi. Ndinakhala pansi m'khitchini momwemo.

Linali Loweruka masana, ndipo kupeza dokotala sinali nkhani yapafupi. Woyamba amene ndinamuimbira anandiuza mosabisa kuti iye anazolowera agalu ndi amphaka, za tizinkhwe sakufuna kuyerekeza, ndipo anandilozera kwa mnzake wodziwa mbalame. Ndimamulemekeza mpaka lero chifukwa cha kukana kumeneko. Wachiwiriyo anati angatione Lamlungu m'mawa, ndipo anandiuza zoti ndichite usikuwo.

Chachikulu chinali kutentha. Thupi la mbalame limakhala pa madigiri 40 mpaka 42, ndipo kathupi kochepa chonchi kamataya kutentha msanga. Kufufuma nthenga kuja ndi kuyesa kudzifunditsa, ndipo mphamvu imene ikuthera podzitenthetsa ndi yomwe ikanalimbana ndi matenda. Mbalame yodwala imafuna malo a madigiri 29 mpaka 32. Ndinamusamutsira m'kakhola kakang'ono, n'kukafunditsa mbali zitatu, ndipo mbali imodzi ndinagunditsako botolo la madzi otentha lokulunga m'thaulo, chakunja kwa mawaya. Mbali inayo ndinaisiya kuti akatenthedwa athawireko, chifukwa mbalame ikayamba kutambasula mapiko n'kumapuma wefuwefu ndiye kuti mwapyola muyeso. Kamtengo ndinakatsitsa pafupi ndi pansi kuti akagwa asavulale. Madzi ndi ngala ya timbewu timene amatikondetsetsa ndinaziika pamene angazifikire osasuntha.

Zimene ndinatsala pang'ono kuchita ndi zochititsa manyazi, komabe ndizinena. M'kabati munali mankhwala otsala opha mabakiteriya, a anthu, ndipo ndinawatulutsa n'kuwayang'ana nthawi yaitali. Ndinaganizanso zomutsegula kukamwa n'kumuthira madzi. Zonsezi a dokotala anali atandiletsa pa foni, ndipo chifukwa chake ndinachimvetsa pambuyo pake. Khomo la njira ya mpweya ya mbalame lili kumbuyo kwa lilime, moti madzi othiridwa mokakamiza amalowera kumapapo mosavuta. Komanso mbalame ilibe mnofu uja wa m'munsi mwa mapapo umene umatithandiza ife kukoka mpweya. Imapuma poyendetsa chifuwa chonse, ndiye ukaifinya pachifuwa, ngakhale mwachikondi, waitsamwitsa. Pa intaneti usiku umenewo ndinawerenga malangizo ambirimbiri, ena anzeru, ena oti akanamupha kusanache. Onse analembedwa ndi mtima wofanana wotsimikiza. Ndinadzuka katatu kukasintha madzi a m'botolo, ndipo ulendo uliwonse ndinkayamba kuyang'ana pansi pa khola ndisanayang'ane pakamtengo.

A dokotala asanamugwire n'komwe anandifunsa mafunso ngati wapolisi. Kodi ndimaphikira m'mapani osamatirira aja okutidwa ndi PTFE, amene ambiri timangoti Teflon? Akatenthedwa mopyola amatulutsa utsi wosaoneka umene umapha mbalame m'kanthawi kochepa. Kodi pali amene anapopera mankhwala a tizilombo, kapena zonunkhiritsa m'nyumba? Alipo amasuta? Kodi Phokoso analawako peyala kapena chokoleti? Amatafuna chitsulo chilichonse, belu lakale kapena waya wokutidwa ndi zinki? Kunabwera mbalame yatsopano? Funso limene linandidabwitsa linali lakuti, kodi m'nyumba muli amene akutentha thupi kapena kutsokomola? Pali nthenda ya zinkhwe yotchedwa psittacosis, yoyambitsidwa ndi kachilombo ka Chlamydia psittaci, imene imalowanso anthu, ndipo kwa mbalame mankhwala ake amaperekedwa masiku 45. Anayang'ana kachikopa ka pamwamba pa mlomo, pamene pali mphuno. Ka Phokoso kanali kabuluu, chizindikiro cha wamwamuna, ndiye nkhani ya dzira lokanirira m'mimba, imene imapha zazikazi zambiri, inachoka pamenepo. Anamvetsera kupuma kwake, kufuna kumva ngati kukulira ngati kakhweru, chifukwa ma budgie odya mbewu zokhazokha amatupa chithokomiro posowa ayodini, chotupacho n'kumapanikiza njira ya mpweya ndi ya chakudya. Anamuimiritsa kuti aone ngati mwendo wina ukulefuka, poti zotupa za mu impso zimakonda mtundu umenewu wa mbalame ndipo zimayambira kupundula mwendo.

Kenako anatenga kachitosi katsopano, n'kukapaka pagalasi, n'kuika pa maikulosikopu. Anandiitana kuti ndione ndekha. Munali tindodo tatitali tambirimbiri, tagonerana ngati machesi otayika. "Mayi, mdani wathu ndi ameneyu," anatero. Dzina lake ndi Macrorhabdus ornithogaster. Kwa zaka zambiri anthu ankayesa kuti ndi bakiteriya wamkulu, n'kumamutcha megabacteria, mpaka mu 2003 pamene anatsimikiziridwa kuti ndi mtundu wa yisiti. Amakhala pamene chifu cha mbalame chimalumikizana ndi nthutumba, n'kusokoneza kagayidwe ka chakudya. Mbalame imakhalira pambale tsiku lonse ngati ikudya, koma ikuuma. Zina zimakhala naye zaka zambiri osadwala, mpaka tsiku limene thupi lafooka pa chifukwa china. Ndinakumbukira mankhwala aja a m'kabati. Opha mabakiteriya sakanamukhudza yisiti ameneyu, akanangomutayitsa Phokoso masiku amene analibe. A dokotala anatinso tinachita mwayi kumuona ulendo woyamba, chifukwa satuluka m'chitosi chilichonse.

Mankhwala ake ndi amphotericin B, womwetsa pakamwa kawiri patsiku kwa masiku 30. Kunena n'kosavuta. Kunali kumugwira ka 60 kambalame kamene sikafuna kugwiridwa. Anandiphunzitsa kumukuta ndi kansalu, kumuimiritsa chilili, kuika nsonga ya kasirinji kopanda singano pambali pa mlomo, n'kudontheza kadontho kamodzi, kudikira ameze, kenako kena. Tsiku loyamba theka linathera pa nthenga. Tsiku lachitatu anandiluma mpaka magazi, ndipo ndinasangalala, chifukwa wakufa saluma. Chimene sindinakonzekere ndi chakuti anayamba kundiopa. Mbalame imene inkatera paphewa langa n'kumandikoka ndolo inayamba kuthawira pakona ikangoona dzanja langa. Ndinapeza njira yoti kansalu ndiko kakhale mdani: ndinkamugwira nako kokha, m'chipinda chochepa kuwala, mwachangu, ndipo dzanja lopanda kansalu linkangobweretsa zabwino. Zinathandiza pang'ono. Pang'ono pokha.

Alipo amene anandifunsa, ena moseka ena mondimvera chisoni, kuti zonsezi n'chifukwa cha kambalame basi? Bwanji osangopeza kena? Sindinakangane nawo. Koma maganizo anga ndi akuti mbalameyi sinadzilowetse yokha m'khola. Ndife tinaitsekera, tikusankhira chimene idye, nthawi imene igone, mpweya umene ipume. Ilibe kwina kokadandaula. Ndipo ndikaunguza bwino, mbali ina ya vutoli inali yanga. Zaka zitatu ndinkamupatsa mbewu zokhazokha chifukwa ndi zimene ankakonda komanso zinali zosavuta kwa ine. Mbewu zili ndi mafuta ambiri koma zimaperewera vitamini A, ayodini ndi kashiamu. Sindinganene kuti n'zimene zinabweretsa yisiti uja, koma thupi lake ndinalisiya lopanda zida zokwanira.

Ndinafuna kukonza zonse tsiku limodzi, kutaya mbewu n'kumudzazira masamba. A dokotala anandiletsa. Mbalame yodwala siisinthidwa chakudya. Budgie akaona chinthu chachilendo m'mbale sachiwerengera ngati chakudya, ndipo kathupi kake sikangapirire tsiku lathunthu kapena awiri osadya. Anati adye chilichonse chimene akulola, ayambe wabwezeretsa thupi, za masamba tidzakambe pambuyo.

Sikelo ija inasanduka mlendo wa m'mawa uliwonse, asanadye kanthu, ndipo manambala ndinkawalemba pakapepala ka pafiliji. 29, 29, 28. Tsiku limene sikelo inawerenga 28 ndinalira m'bafa kuti mwana asandione. Kenako 29, 30, 30, 30, 31. Kusanza kunasiya sabata yachiwiri. Mbewu zathunthu m'zitosi zinatha sabata yachitatu. Koma mawu ayi. Ankadya, ankadzikonza nthenga, anabwereranso pakamtengo kapamwamba, koma ali duu. Ndinayamba kuvomereza kuti mwina ndapulumutsa mbalame koma Phokoso uja wapita.

Mawu oyamba amene ndinamva sanali kulira. Unali usiku wa tsiku la 19, nditangofunditsa khola. Mkati munamveka kaphokoso kakang'ono kokhetekheta, ngati munthu akupera timchenga ndi mano. Ndinachita mantha, n'kukweza nsalu. Anali akukukuta mlomo, chimene budgie amachita akakhuta, mtima uli m'malo, tulo tikubwera. Mwendo umodzi unali m'nthenga. Ndinaitana mwana uja motsitsa mawu, ndipo tinaima pamenepo awiri ngati tikuonera chozizwitsa, tikuyang'ana mwendo umene sukuoneka.

Tinamaliza masiku 30 onse ngakhale ankaoneka kuti wachira, chifukwa kusiyira panjira ndiko kumabweza yisitiyo. A dokotala atayezanso chitosi sanapezemo tindodo tija, koma anandichenjeza kuti nthendayi imatha kubwerera, ndipo zimenezo ndazisunga. Tsopano pansi pa khola pamakhala pepala loyera limene ndimalisintha m'mawa uliwonse nditaliwerenga kaye. M'mbale ndimauziramo tsiku lililonse. Masamba anawakana milungu isanu ndi umodzi. Anadzayamba kuwalawa nditawapachika onyowa pamawaya, iye n'kumadzikhuza nawo ngati akusamba, mlomo n'kulumako mwangozi. Karoti mpaka lero amamuyang'ana ngati njoka.

Paphewa panga anabwerera patatha miyezi iwiri, ndipo ndolo sanayambenso kuikoka. Amakhala pamenepo koma diso limodzi lili pa manja anga. Sikelo yaima pa 34, siinafikenso pa 36, ndipo a dokotala akuti tisalimbane nazo. Ndimamuyeza Lamlungu lililonse. Lamlungu lapitali anakana kulowa m'kabokosi, anaulukira pamwamba pa kabati, ndipo nditatsegula mpopi kuti nditsuke kapu anaulalatira kuchokera komweko mpaka ndinautseka.